Nkhope ya Amake Rosa pa Thanga la Alamu

Lolemba
Ndatsimikiza! Zaka zonsezi ndikulemba mayina pa maboti a anthu kuno ku Cobue, koma sabata ino ndijambula nkhope. Ya mkazi wanga, amake Rosa. Lamulungu tikukwanitsa zaka makumi atatu m'banja, ndipo mphatso zanga zonse zakhala zitenje. Zida: thanga lakale la boti lomwe alamu anga a Jowakimu andibwereka, mapinseli awiri opakira, tinta, ndiye kuti penti, yotsala ya maboti, yabuluu, yofiira ndi yoyera. Mtima ukudumpha ngati usipa mu ukonde!

Lachiwiri
Ndikuyamba ndi makala, monga kale. Ndili mwana ndinajambula aprofesoli, aphunzitsi athu, pakhoma la sukulu, mimba ndi njinga yawo yomwe. Anandikwapula, kenako n'kundituma kujambula mapu a Niassa pabolodi. Ntchito yanga inayambira pamenepo, ndi matako otupa. Amake Rosa akukana kukhala pansi: “Usipa wanga auyanika ndani? Inu?” Ndikuwatsata pathandala, thanga lili m'manja. Ndapeza khutu limodzi. Koma khutu lake!

Lachitatu
Tinta ya khungu la munthu palibe. Yofiira ndi yabuluu zikutulutsa biringanya. Ndathiramo katondo, zikumvekako. Ndasiya kuthamangitsa amake Rosa, ndikujambula za mumtima: iwowo ali mtsikana uja wa ku Maniamba amene anatsika phiri ndi dengu la chinangwa, akuopa madzi. Ndinamulonjeza kuti ndidzamuwolotsa akaone tchalitchi chachikulu cha ku Likoma. Chilumbacho chili apo, timachiona tikamatsuka mkamwa. Sitinapitebe.

Lachinayi
Alamu abwera, ayang'anitsitsa. “Akatekisiti mwawatha bwino, alamu! Nanga ndolozi n'zachiyani?” Atinso thanga lawo latsopano layamba kung'ambika. Izo n'zawo. Zokonza: mphuno, chibwano, diso lakumanzere lomwe likuyang'ana ku Meluluca.

Lachisanu
Ndamaliza! Ndi iwo, ndithu ndi iwo! Mlomo uja amaupinda akamabisa kuseka, ndaugwira. Ndavina ndekha kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku kuthawa. Tinta ya maboti imachedwa kuuma, makamaka ndi katondo, ndiye ndapachika thanga pakati pa mitengo iwiri, nkhope kuloza kunyanja, mphepo iligwire bwino. Nzeru zimenezo!

Loweruka
Nkhungu! Mtambo wakuda wa tizilombo ta m'nyanja tija ukutera m'mudzi m'mawamawa. Amayi akuthamanga ndi malichero onyowa, nthungululu, ndiwo zabwera zokha, amake Rosa patsogolo. Ine ndikuthamangira thanga. Ndachedwa. Zamatirira: ndevu mpaka pachifuwa, nsidze ziwiri zakhala imodzi, khutu langa lija kulibe. Ndikuchotsa ndi kamtengo, mphuno ikubwera nazo. Amake Rosa aima kumbuyo kwanga, akuona chithunzi chawo koyamba. Kenako akuti: “Bambo ake Rosa, mwakola zambiri kuposa ine.”

Lamulungu
Potuluka ku misa, mitengo iwiri ili yokha. Alamu atenga thanga lawo, ali ndi anthu okawatula ku Likoma. Mudzi wonse uli pamchenga, ana akugubuduka. Mphepo yadzaza nkhope ija, masaya atupa, ndevu zikuloza kuchilumba. Akatekisiti akuibayibitsa. Ndikufuna pobisala. Amake Rosa andigwira dzanja, mlomo uja aupinda: “Onani, ndikupita ku Likoma. Inu mwatsala.”

Mawa ndili ndi dzina la boti loti ndilembe. Zilembo zisanu ndi ziwiri, zoyera. Makala ndawasunga.