Kuyenda ndi Miyendo Yobwereka

Lolemba

Mwendo udakali m'chikhakha. Ndinaterereka m'khitchini ya ku loji, ndiye adokotala akuti ndisaponde pansi. Mayi a ana ali ku Ntcheu kokolola. Ine pano pa Kande, pamphasa, kuyang'ana malata.

Mhone, mnzanga wa pa bala, wandibwereka kamakina ka gemu komwe mlendo wina anamusiyira. Akupita ku Usisya kukaonekera kwa apongozi, abwera Lamulungu. Akuti, "Ada, muimalize. Ine inandikanika."

Nkhani yake: kamtsikana ka nyali m'manja ndi lupanga m'chiuno, dziko la nkhungu, belu la pamudzi linabedwa, lili pamwamba pa phiri. Ine ndiye woyendetsa kamtsikanako. Pofika Lachisanu belu likhale lili kwawo. Munthu wophikira basi yonse ya azungu angalephere belu?

Lachiwiri

Abale, kukongola! Mitengo italiitali, masamba ake kuthwanima ngati ziphaniphani. Mvula ikugwa m'gemumo mpaka ndakuwira anyaChirwa, eni nyumba, kuti ayanule chinangwa. Kunja dzuwa lili phwee. Andiyang'ana kuchokera patali.

Kamtsikana kakaponda pamatope, phazi likumveka. Ndangoyenda basi. Munthu wosatha kufika yekha kuchimbudzi, lero ndawoloka dambo lonse!

Zomwe ndapeza: bowa wabuluu, chitsime choimba, ndi mbawala yoyera yondiyang'ana ngati tinakulira limodzi. Belu ayi.

Lachitatu

Pa mlatho pali chimphona cha miyala. Chandipha. Chandiphanso. Zala zodziwa kutumbula nsomba ya batala pano zikungogundana zokha. Ndafuula, "Mayo, ndafa!"

AnyaChirwa alowa chothamanga, manja ali mbuu ndi ufa. Ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Asuzumira, akuti, "Izi n'zasataniki, ada." Koma sakutuluka. Pakapita nthawi akuti, "Mwana wa yani ameneyu, kuyenda yekha m'thengo opanda juzi?"

Akhala pansi. Chinangwa chaiwalika.

Lachinayi

Magetsi azima kuyambira m'mawa, kamakina kafa. AnyaChirwa akanyamula okha kukatchajitsa pa sola ya ometa kumsewu. Osatumidwa! Abwerera ndi kamakina, mbale ya chigwada, ndi amuna awo, a Chirwa, msodzi.

Chikhalire m'nyumba ino nkhani zathu zimathera pa moni wakuno wa "Mwe uli?" ndi "Nde umampha." Lero a Chirwa ali pampando wanga, atulukira kuti m'gemu muli dziwe, bwato ndi mbedza. Basi zatha. Masana onse kuwedza. Akuti, "Nsomba za kuno n'zopusa, zikudya mbedza yopanda nyambo."

Chimphona sitinachione n'komwe lero.

Lachisanu

Tsiku lomwe belu limayenera kufika kwawo. M'nyumba mwadzaza: banja la a Chirwa, amayi awiri ogulitsa usipa, ndi ometa, amene abwera kudzaona chomwe amatchaja.

Malangizo: ometa akuti menya bondo. A Chirwa akuti zungulira pabwato. Amayi a usipa akuti thawa. AnyaChirwa akuti, "Kodi mwachipatsako moni?"

Taseka tonse. Koma poti kufa ndatopa nako, ndabweza lupanga m'chimake, ndayandikira pang'onopang'ono, ndakweza nyali. Chimphona chaima. Chagwada! Chikuothera kuwalako ngati munthu wozizidwa, nkhungu ikuchoka pamlatho, nyimbo yasintha. Tadutsa! Nthungululu mpaka nkhuku zabalalika panja. Ine ndaiwala, ndafuna kudumpha. Mwendo wandikumbutsa.

Loweruka

Tsidya la mlatho kuli mudzi wopanda anthu. Zitseko zikugwedezeka ndi mphepo, mitondo ili chigonere, nyimbo ya zingwe ikulira chapansipansi. Adzulo aja abweranso, maso onse pa kamakina. Mmodzi wa amayi a usipa akuti, "Onse anapita ku Joni awa." Palibe waseka. Iyenso ana ake ali komweko.

Kenaka ometa apempha kuti ayeseko. Angogwira, kamtsikana kali m'phompho. Ayesanso, nyali yagwera m'madzi. A Chirwa akuti poti tili kale pamadzi, tiwedzeko pang'ono. Anthu avomera. Mwini mwendo wothyoka sanafunsidwe.

Phiri likuoneka uko, kutali, lobiriwira bwino. Sindikudandaula. Wina wandisesera m'nyumba, sindikudziwa kuti ndani.

Lamulungu

Mhone wabwera, apongozi amulandira. Wayang'ana pomwe tafika, waseka mpaka kutsamira chitseko. Akuti, "Ada, sabata yonse muli poyambira! Apa m'pophunzitsira mabatani chabe. Gemu yeniyeni sinayambe."

Chabwino. Belu alitenge ena.

AnyaChirwa, pochokera kutchalitchi, amuimitsa pakhomo. Amuuza kuti, "Kamwanako takapempherera. Musamakathamangitse, kamatopa."

Kamakina kapita. M'nyumba mwangoti zii, koma osati nthawi yaitali. A Chirwa alowa, bawo ili kukhwapa, osanena ndi odi yemwe. Andidya katatu. Akuti mawa abweranso kuti adzandidye bwinobwino.

Yewu, Ambuye.