Kwa Bwana Amene Anatiteteza ku Tsabola

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe Losamala Mimba za Alendo pa Chilumba.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi ndi cholembera m'manja, ine munthu wamba wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, kuti ndikuthokozeni chifukwa chotseka lesitilanti ya chitseko chobiriwira, ija ili kuseri kwa msika wa nsomba. Mwini wake ndi mayi wamasiye amene akulera ana anayi ndi poto mmodzi wamkulu, ndipo dzulo oyendera anu anamulanda chiphaso chifukwa chopatsa apongozi anga chakudya chokoma. Mlandu woopsa ndithu. Popeza ndinalipo, ndati ndikulongosolereni mmene zinayendera ndisanakwere ndege mawa.

Tinabwera atatu kudzapuma sabata imodzi: ine, akazi anga ndi bambo awo. Apongozi angawa anali khukhi pachipatala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, akuphikira odwala zopanda mchere, zopanda mafuta, zopanda chimwemwe. Atapuma ntchito anati asanafe akufuna adyeko kamodzi chakudya chophikidwa ndi munthu wosaopa dokotala. Ine, pofuna kutchuka paukamwini, ndinadziguguda pachifuwa n'kuwalonjeza kuti pachilumba pano adya mpaka kumasula lamba.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kachibangili. Titangofika pahotela anatimanga aliyense kachibangili kapulasitiki kachikasu padzanja, kosavulika ngakhale posamba, n'kutiuza kuti ndi ulemu wa alendo. Apongozi anakayang'ana n'kunena kuti kuchipatala kwawo totere amamanga makanda ndi anthu amene atsogola kale. Sitinadziwe kuti munalamula malesitilanti onse kuti akangoona kachikasu azibisa menyu yeniyeni n'kutulutsa ina yonyezimira, ya Chakudya Chotetezeka cha Alendo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chakudya chotetezekacho. Mbatata yowiritsa, nkhuku yowiritsa yotuwa mbuu, ndi tizidutswa titatu ta karoti toimikidwa pambali ngati mboni. Tinayesa lesitilanti ya pagombe, ya matebulo omira miyendo mumchenga. Tinayesa ya pamwamba pa sitolo ya nsapato. Tinakwera takisi kupita mbali ina ya chilumba poganiza kuti kumeneko lamulo limafika litatopa. Konseko mbale inali yomweyo, karoti atatu omwewo. Ndikugwadirani, Bwana, chifukwa ine kuphunzitsa munthu mmodzi kubwerera m'mbuyo osagunda mpanda kumanditengera miyezi itatu, koma inu mwaphunzitsa chilumba chathunthu kuphika moipa mofanana.

Chimene chinkatipweteka n'chakuti patebulo loyandikana ndi lathu pamakhala akalipentala, amayi ogulitsa nsomba ndi madalaivala, akudya nsomba yosambira mu msuzi wa kokonati, adyo, ndimu ndi tsabola, thukuta lili kamukamu, akunyambita zala mpaka m'chigongono. Ife tinkadya fungo. Tikaloza mbale zawo, woperekera zakudya ankamwetulira kumwetulira kuja munawaphunzitsa, n'kutiuza kuti mimba za alendo n'zanthete. Nditapempha mchere anandibweretsera kapepala kamene munali mchere woti nyerere n'kunyamula ulendo umodzi.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha bambo wa gitala amene amaima pafupi ndi tebulo la alendo kuti tisamve kulira kwa mimba zathu. Zikomonso chifukwa cha kaambulera kapepala ka m'tambula ya zakumwa. Akazi anga anakatafuna tsiku lachitatu, ndipo akuti kanali ndi kakomedwe.

Tsiku lachinayi apongozi analawa nkhuku ija, n'kuika foloko pansi. Anati imeneyi ndi nkhuku imene ankaphikira odwala zilonda za m'mimba, kungoti yawo inkakomako. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde la hotela atavala chipewa, akuyang'ana nyanja ngati munthu wodikira basi. Manyazi anandigwira, Bwana, ndipo chisoni chinandipweteka. Ndinawachotsa kwawo nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, kuwakweza ndege koyamba m'moyo wawo, kudzawadyetsa ntchito yawo yomwe.

Dzulo masana mphuno zawo zinatitsogolera ku chitseko chobiriwira chija. Mkati muli matebulo anayi, mabenchi, kalendala ya chaka chapita, ndi fani yotembenuza khosi mbali imodzi yokha. Mayi uja ataona tachikasu tathu nkhope inagwa, n'kutulutsa menyu yonyezimira monga mwa lamulo lanu. Apongozi sanaitsegule. Anaimirira, anapita pakatani yotchinga khitchini, anavula chipewa, n'kuyamba kutchula ndi fungo lokha zonse zimene zinali mu poto, chimodzichimodzi, osaphonya. Pomaliza anamuuza mwaulemu kuti anyezi wake watsala pang'ono kupserera. Mayiyo anathamangira pamoto, anapeza n'zoona. Atabwerako anasuzumira kumsewu, anayang'ana nkhalambayo, kenako anatenga kansalu kopukutira mbale n'kuwamanga padzanja ngati pali bala. Anawakhazika pakireti pafupi ndi mbaula n'kuwapakulira.

Anadya, Bwana. Misozi inatuluka, mamina anatuluka, jekete inavulidwa, ndipo anapempha kachiwiri. Ndakhala mkamwini wawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma dzulo m'pamene ndinadziwa kuti akaseka amaoneka kuti alibe dzino limodzi lakumtunda.

Tsoka lake, khukhi ndi khukhi. Munthu amene wakalambira m'khitchini sangasiye mbale yakuda pasinki ya mnzake. Atamaliza anaimirira, anatsuka mbale yawo, anatsukanso za anthu ena, ndipo pofuna chopukutira anamasula kansalu kaja padzanja. Nthawi yomweyo oyendera anu awiri a malaya oyera analowa. Ndiyamikire kuti analowera khomo lakumbuyo, nthawi yeniyeni ya nkhomaliro, osagogoda, mmodzi atapinda kale manja a malaya. Anthu odziwa njira. Ataona kachikasu padzanja lonyowa la apongozi, komanso ife alendo awiri tili maso tong'o, anakumbukira kuti ali pantchito. Analemba, anachotsa chiphaso pakhoma, anakhoma loko pachitseko, ndipo poto uja anamunyamula akadali wotentha kuti ndi umboni.

Mayiyo sanalire. Anakhala pasitepe atagwira chikombe chake chovundulira, ndipo ana ake pobwera kusukulu anamupeza pomwepo. Apongozi anakhala naye mpaka dzuwa kupendeka, chipewa chili m'manja, akupepesa mobwerezabwereza. Pofuna kuti malipoti anu akhale olondola, ndikudziwitseni kuti mimba yawo yanthete ija ili bwinobwino. Amene wathamangira kuchimbudzi kanayi lero ndine, wa nkhuku yotetezeka.

Dzulo lomwelo masana ndinafika ku ofesi yanu kudzapepesa. Mlembi wanu, akupukuta pakamwa, anati muli pamsonkhano wofunika. Pobwerera ndinasochera m'khonde n'kutsegula chitseko cholakwika, ndipo ndinasangalala kuona mmene bungwe lanu limalimbikira ntchito. Anthu asanu anali atazungulira umboni uja, aliyense ndi supuni yake, wina akupala pansi ndi buledi. Mbale ina yovundikira inandidutsa kulowa m'chipinda cholembedwa udindo wanu. Ndisanatuluke pageti inali itabwerera yopanda kanthu kudzatenga umboni wowonjezera.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, lochokera kwa munthu wosayenera n'komwe kuponda kapeti yanu. Popeza mlanduwu mwaufufuza nokha, kawiri konse, ndipo mwadzuka wamoyo, mubwezereni mayiyu chiphaso chake ndi kiyi wa loko uja, kuti ana anayi aja adye. Ngati lamulo lalemera moti simungathe kulinyamula, mubwezereni poto yekhayo, chifukwa alibe wina. Musavutike n'kumutsuka, Bwana. Mmene ndinamuonera, antchito anu anamusiya akuwala kale.

Ine wanu wogwada, wanjala koma wotetezeka,

Mkamwini wa khukhi wopuma ntchito.