Mmene a Kalilangwe Anavumbwira Pakati pa Zipani Ziwiri

Mwambi umenewu, ana inu, musamaganize kuti unachokera kumapiri. Chiyambi chake n'chotere, ndipo zinachitikira m'tauni momwe muno.

Kunali bambo wina dzina lake Yotamu Kalilangwe, telala wa pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Anali munthu wamfupi, wamanyazi, woti ukamuponda phazi wopepesa amakhala iyeyo. Makolo anamusankha kukhala m'komiti ya sukulu ya pulaimale ya m'dera lathu chifukwa tsiku losankhalo aliyense anaweramitsa mutu pansi kuopa kutchulidwa, koma iye yekha anachedwa kuwerama.

Komatu ntchitoyo a Kalilangwe anaigwira ndi mtima wonse. Mphunzitsi akajomba, iwo ankapita kwawo kukamuzonda ngati wodwala, ndipo mawa lake mphunzitsiyo ankalawirira kusukulu chifukwa cha manyazi. Mwana akabwezedwa chifukwa cha yunifolomu yong'ambika, ankamuitanira pakhonde paja n'kumusokera ulere. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi makalasi awiri a sitandade 1 omwe mphepo inasasula denga lake. Tiana tija tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mitambo ikangoda, sukulu yathera pomwepo.

Vuto la a Kalilangwe linali limodzi: mawu akuti ayi ankawatsamwa pakhosi.

Itayandikira nthawi yosankha makhansala, zipani zinayamba kusaka munthu wokondedwa ndi makolo. Oyamba kufika pakhonde paja anali mayi Chimphonda, mkulu wa chipani cha Lichero, chomwe chinali ndi mphamvu pakati pa amayi a mumsika. Anakhala pabenchi, nayamikira ulusi, nayamikira makina, kenako ananena chomwe anadzera: a Kalilangwe akaimira chipani chawo, malata a makalasi aja abwera chisankho chisanachitike. A Kalilangwe anaona m'maganizo mwawo malata akung'anima padzuwa, n'kuti, "Chabwino, mayi." Mayiwo anasiya nsalu ya chipani, yojambulidwa malichero mbali zonse.

M'mawa mwake kunabwera a Matewere a chipani cha Mtondo, chomwe chinkalamulira kumtunda, kusiteji ya maminibasi. Awa sanakhale n'komwe pansi. Analonjeza matabwa, misomali ndi madesiki, akumenyamenya makina osokera aja ngati ng'oma. A Kalilangwe anatsekula pakamwa kuti akane, koma chomwe chinatuluka ndi "Zikomo kwambiri, bwana." Nawonso anasiya nsalu, yojambulidwa mitondo.

Madzulo akazi awo, a Nasibeko, omwe ankagulitsa zitumbuwa pageti la sukulu, anapeza nsalu ziwirizo pampando. Atamva nkhani yonse anafunsa amuna awo.

"Bambo a Ulemu, kodi mukufuna kukhala khansala wa ndani?"

"Ukhansala ndilibe nawo ntchito, Nasibeko. Tamvera. Malata popanda matabwa si denga. Matabwa popanda malata si denganso. Awa ali ndi theka la denga, awo ali ndi theka linalo. Ndikakana mmodzi, ana avumbwabe. Likangokwera denga, ndidzasankha."

A Nasibeko anati nzeruyo ndi yokoma kuimva, koma munthu sangavine magule awiri ndi chiuno chimodzi. A Kalilangwe anayankha kuti telala angathe. Anatenga nsalu zija n'kusoka malaya amodzi a nkhope ziwiri: kunja malichero, ukatembenuza mitondo, mabatani mbali zonse. Kunena zoona, inali ntchito yaluso kuposa zonse zomwe anasokapo pamoyo wawo.

Poyamba zinayenda. M'mawa ankakhala kumsika atavala malichero, masana ankazembera kuseri kwa mpanda wa tchalitchi, n'kutembenuza malaya, n'kukwera kusiteji atavala mitondo. Akapatsidwa mpata wolankhula, sankanyoza chipani chilichonse poopa kudzinyoza okha. Ankangokamba za ana: za choko, za zimbudzi, za kamtsikana kena komwe kanalumidwa ndi linthumbu pakati pa samu. Anthu ankachoka akunena kuti sanaonepo wandale waulemu chotere.

Tsiku lina anatsala pang'ono kugwidwa. Achipani cha Lichero akafuula kuti "Lichero!" gulu linkayankha kuti "Peta!" pomwe achipani cha Mtondo ankayankha kuti "Sinja!" Ali kusiteji, a Matewere anafuula kuti "Mtondo!" ndipo a Kalilangwe, atatopa ndi kuthamangathamanga, anakuwa okha kuti "Peta!" Onse anawatembenukira. Makondakitala anayamba kuyandikira. A Kalilangwe, thukuta lili kamukamu, anati, "Ndikuti ife tikasinja, iwowo adzatsala ndi ntchito yopeta gaga basi." Anthu anawanyamula m'mwamba, kuwazungulitsa siteji yonse. Iwo ali m'mwambamo anangogwira kolala kuti malichero a m'kati asaonekere.

Musaganize kuti makolo sankadziwa. M'dera ngati lathu lino chinsinsi sichigona. Amayi ogulitsa tomato amuna awo anali madalaivala, ndipo ankauzana. Koma aliyense anali ndi mwana pansi pa mango paja, choncho anangotseka pakamwa, kudikira denga.

Zinthu zinasokonekera pamene zipani zonse ziwiri zinasankha Loweruka limodzi lodzaonetsera munthu wawo kwa anthu, ndipo zonse zinapempha bwalo la mpira la pasukulu pomwepo. Aphunzitsi aakulu, poopa ndewu, anapatsa ena golo la kumsika, ena golo la kumtunda. Unali mwezi wa Disembala, choncho chipani chilichonse chinamanga chisakasa cha lona, chachifupi ndi chamdima, choti polowa umachita kuwerama. Ana asukulu ataziona anati amenewa ndi mapanga, ndipo dzinalo linagwira: phanga la Lichero ndi phanga la Mtondo. Kuseri kwa phanga loyamba kunaima lole ya malata. Kuseri kwa linalo kunaima lole ya matabwa.

A Nasibeko anawachonderera amuna awo kuti anamizire kudwala m'mimba. Iwo anakana. Anati denga lonse lili pabwalo pomwepo, langotsala kukumana pakati.

Anayamba ndi phanga la Lichero. Anapereka moni kwa mayi Chimphonda, anakhala pang'ono, kenako anapempha kuti akataye madzi. Anathamangira kuseri kwa mango, n'kutembenuza malaya, n'kulowa phanga la Mtondo. Kumeneko anaomba m'manja kawiri, n'kupemphanso kukataya madzi. A Matewere anawalangiza kuti achepetse tiyi.

Ali kuseri kwa mango kachiwiri, atangomaliza kumanga mabatani malichero ali kunja, mvula inayamba. Sinali ya mawawa, inali ija yogwa ngati wina wakhuthula ndowa. Anthu onse anathawira m'mapanga muja. Ndipo nthawi yomweyo zimkuzamawu zonse ziwiri zinalankhula pamodzi. Cha kumsika chinati munthu wathu ndi Yotamu Kalilangwe. Cha kumtunda chinati munthu wathu ndi Yotamu Kalilangwe. Mbali iliyonse inamva dzinalo likuchokera kwa adani, n'kuganiza kuti akunyozedwa.

A Kalilangwe anatulukira pakati pa bwalo. Anathamangira kumsika, koma atamva a Matewere akuwaitana anabwerera. Atayandikira kumtunda anakumbukira kuti avala malichero, n'kutembenukanso. Anthu a mbali zonse ankasuzumira pansi pa lona, kuonerera kamunthu kakupita uku ndi uku m'matope ngati nkhuku yosowa poikira. Pomaliza analunjika kwa mayi Chimphonda, akupuma mwawefuwefu.

Komatu nsalu za zipani ndi zopyapyala. Zitanyowa zinamatirira pathupi, ndipo zonse za m'kati zinaonekera. Mayi Chimphonda anawaimitsa pakhomo pa phanga, nawayang'anitsitsa pachifuwa.

"A Kalilangwe, pansi pa lichero langali ndikuona chiyani?"

A Kalilangwe anayang'ana pachifuwa pawo. Pansi pa lichero lililonse panali mtondo.

"Mayi, kupeta ndi kusinja ndi ntchito ya pakhomo limodzi," anatero.

Mayiwo sanaseke. Anawauza kuti akause mvula kumene kuli mitondo yawoko, ndipo anyamata a chipani anatseka pakhomo. A Kalilangwe anadutsanso bwalo lonse. Koma nkhani inali itawatsogolera kale, ndipo a Matewere anangowalozera kumene achokera.

Anaima pakati pa bwalo, madzi akuyenderera m'makutu. Anthu ankaseka, inenso ndinalipo ndipo ndinaseka nawo. Kenako malole aja analiza injini. Ya malata inatulukira geti la kumsika, ya matabwa geti la kumtunda. A Kalilangwe anathamangira ya malata akukuwa kuti iwowo atukwanidwe ndithu koma malatawo ndi a ana, mpaka anaterereka n'kugwa chagada m'chithaphwi. Apo kuseka kunatha. A Nasibeko anasiya beseni la zitumbuwa, n'kukawadzutsa, n'kuwafunditsa chitenje chawo, n'kupita nawo kunyumba.

Ndale za a Kalilangwe zinathera pamenepo. Zipani zinapeza anthu ena, ndipo iwo anagona ndi chifuwa sabata yonse. Anatuma akazi awo kukauza komiti kuti atula pansi udindo chifukwa achititsa manyazi sukulu.

M'malo moyankha, makolo anabwera okha kudzawazonda, motsogoleredwa ndi kalipentala wina wachikulire, a Mbendera. A Mbendera anawauza kuti komiti yakana, chifukwa onse ankadziwa za malayawo ndipo onse anakhala chete, choncho manyaziwo ndi ogawana. Anawauzanso kuti kuyambira Lolemba makolo akhala akututa zomwe ali nazo: wina lata la pabafa, wina la pakhola la nkhuku, madalaivala anabweretsa matabwa a thebulo lakale la pasiteji. Kalasi imodzi inali itafoleredwa kale. Denga lake linali la dzimbiri ndi lokhotakhota, koma losadontha.

A Kalilangwe anatembenukira kukhoma kuti anthu asaone misozi. A Mbendera, pofuna kuwaseketsa, anawagwira phazi n'kufunsa kuti, "Koma achimwene, tatiuzani. Ife tonse tinali ndi pobisala pamodzi, ndipo tinapita kwathu tili ouma. Inu munali ndi pawiri. Zinatheka bwanji kuti munyowe nokha bwalo lonse?"

A Kalilangwe anayetsemula, n'kupukuta mphuno ndi malaya aja, omwe a Nasibeko anali atawasandutsa kale kansanza. Kenako anayankha motsitsa mawu, ndipo yankho lawolo ndi lomwe mumalimva mpaka lero:

"Abale anga, mapanga awiri avumbwitsa."