Chimutu cha Bambo Mawamawa

Olemekezeka Bwana Mkulu,
Kampani Yosindikiza Mabuku a Ana,
Nyumba Yachikasu, Tsidya la Msewu.

Bwana,

Mundikhululukire kuti munthu wosamaliza sukulu ngati ine ndalimba mtima kukulemberani. Ndine uja wa kashopu ka fotokope koyang'anizana ndi geti lanu, amene galimoto yanu imandithira fumbi m'mawa uliwonse ikamakhota. Fumbilo sindidandaula nalo. Ndi fumbi la anthu ophunzira.

Kalata yanu yolengeza zabwino za chaka chino ndaiwerenga yonse, poti mlembi wanu anabwera nayo kuti ndiichulukitse, makina anu atafa. Ndaona kuti buku lanu lija, Bambo Mawamawa, lapambana mphoto, lafika m'sukulu zonse, ndipo mwalisindikizanso kachitatu. M'manja mwanu, Bwana! Chimwemwe chanu ndi changa chomwe, chifukwa Bambo Mawamawayo, mlesi wothawa sukulu amene ana akumuseka paliponse, ndine. Ndabwera tsono kudzathokoza, ndipo ndaika manambala kuti muone kuti kuwerengera ndimatha.

1. Zikomo chifukwa cha wojambula zithunzi wanu, yemwe ndi mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga bere limodzi. M'kalata yanu mwanyadira kuti ojambula anu sapeka nkhope m'mutu, amajambula anthu enieni amene ana amawaona tsiku ndi tsiku. Ndine mboni. Lamlungu lina alamu anabwera kudzacheza, anakolopa mbale ziwiri, ine n'kukhala pa sofa kuti maso apumeko. Iwo anatulutsa kope ndi pensulo, ati akujambula mphaka wathu. Mphakayo ndamufunafuna m'buku monse, sindinamupeze. Ndapezamo dazi langa, mpata wa mano anga, khutu langa lakumanzere lopindika lija, ndi jekete lobiriwira lomwe ndinalowa nalo ku yunivesite, mpaka batani lake limodzi losiyana ndi anzake. Luso lotere ndi losowa. Chithunzi cha pa chiphaso changa sichifanana nane chonchi. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Wangayu sanangolitsina, walisindikiza.

2. Zikomo chifukwa cha kutchuka. Kale ondifuna anali a mapepala okhaokha. Lero ana akaweruka amadutsa pakhomo pa shopu ali pamzere, akuyasamula pamodzi ndi kuimba kanyimbo ka patsamba lomaliza. Kondakitala wa basi, yemwe ndikukhulupirira kuti sanatsegulepo buku chibadwire, amandisungira mpando wa pawindo, ati kuti ndipitirize tulo. Makasitomala amandifunsa mwaulemu ngati mapepala awo atuluka lero lomwe. Chikhalidwe chowerenga mwachidzutsadi.

3. Zikomo pondikumbutsa mbiri yanga. Buku likuti ndinasiya sukulu chifukwa chokonda bulangete. Ine ndinkayesa kuti ndinasiya m'chaka chachitatu bambo anga atafa ziwalo, pakhomo popanda wina wowatembenuza ndi kuwasambitsa. Alamu nawonso ndinkayesa akudziwa, popeza matiresi a bambowo tinanyamulira limodzi pochoka kuchipatala. Koma ndine yani kuti nditsutsane ndi buku lopambana mphoto? Za digiri ya alamuwo, yomwe theka lake linalembedwa patebulo langa ndi dzanja lino, sindinena. Zimenezo ndi za pabanja, ndipo chibale ndi fupa.

4. Zikomo kwambiri chifukwa cha mpikisano wanu wowerenga. Dzina la wopambana mwalilemba ndi zilembo zazikulu, ndipo ndinalipanga fotokope ndi manja angawa: ndi mwana wanga wamkazi, wa kalasi yachinayi. Anaphunzirira kuwerenga pa kauntala ya mlesi yemweyu, ataimirira pa katoni, pa mapepala amene makina atafuna. Asanayambe n'komwe sukulu, ankawerengera makasitomala makalata awo ofunsira ntchito mokweza, mpaka ndinamuletsa poona akuluakulu akutuluka thukuta. Mphoto yake mwati ndi buku lachikuto cholimba la Bambo Mawamawa. Mwaganiza bwino. Mwina kunyumba sawaona mokwanira.

5. Chachikulu kuposa zonse, zikomo chifukwa cha chimutu. Mwalengeza kuti Lachisanu likubwerali, pamwambo wa kusukulu kwawo, mphoto idzaperekedwa ndi Bambo Mawamawa mwini wake: munthu wovala chimutu cha nsalu ndi siponji, amene adzavina, kuyasamula, kugwa pansi ndi tulo, kenako kudzuka kuti apatse mwana buku. Chimutucho ndachiona dzana chikutsitsidwa mu lole. Chinakana kulowa pakhomo panu mpaka alonda anachipendeketsa. Khutu lija analisoka bwino kwabasi, telala wanu mumukweze pantchito. Nkhope yanga kukula ngati thanki yamadzi! Anzanga amene anamaliza sukulu aja, ndani mwa iwo anasokeredwapo mutu?

Vuto n'lakuti sindinachione ndekha. Mwana wanga anali pambali panga, chikwama chili kumsana. Sanalire, ndi mwana wa bambo ake. Anangolowa m'shopu n'kuyamba kusanja mapepala osanjika kale. Madzulo anatsitsa yunifolomu yomwe anaisita yekha n'kuipachika pamsomali tsiku lomwe zotsatira zinatuluka, anaipinda, n'kuibwezera m'sutikesi. Watiuza kale kuti Lachisanu m'mimba mudzamupweteka. Ineyo wandipempha, mwaulemu woposa wanga uno, kuti ndikamamuperekeza ndizithera pa ngodya, kapena jekete ndizilisiya. Amayi ake atsekera mchimwene wawo foni ndi mbale zomwe.

Ine kusekedwa ndinazolowera, Bwana, khungu langa ndi la ng'ona. Koma mwanayu anapambana yekha, pamaso pa anzake amene amamuimbira kanyimbo kaja pa mpopi wa kusukulu, ndipo tsiku lake limodzi lokhalo mwalipereka kwa siponji. Pakhoma la nyumba yanu munalemba kuti mwana aliyense ndi wanu. Uyu ali pafupi, simufunika galimoto kuti mumupeze.

Choncho ndagwira mwendo wanu. Buku musalichotse, alamu musawachotse ntchito, amenewo tithana nawo pachibale. Ndikupempha kanthu kamodzi: Lachisanu chimutucho chigone m'chipinda chanu chosungira katundu, poti tulo ndiyo ntchito yake. Mphoto mundilole ndikapereke ndine. Mutu ndili nawo kale, dazi, khutu ndi jekete ndi zenizeni, telala sakufunika. Sindidzavina, sindidzalankhula. Ndidzakwera pa nsanja ndili maso, ndidzaitana mwana wanga ndi dzina lake, n'kumupatsa bukulo ndi manja awiri. Aseke amene akufuna kuseka. Koma ana onse aja adzaone ndi maso awo kuti pali ntchito imodzi imene Bambo Mawamawa sanaisiyire panjira, ndipo ndi imene yawaposa onse kuwerenga. Ndamufunsa mwiniwake. Wati zikatero m'mimba mukhoza kuchira.

Ngati n'kosatheka kuti chimutucho chisaonekere, poti chasokedwa kale, ndikupempha modzichepetsa kuti muchivale ndinu, Bwana. Ndinasuzumiramo alonda akulimbana nacho. Ndi chachikulu, chofewa bwino, ndipo m'kati mulibe kanthu. Simudzamva chilendo.

Yankho silifuna kalata, makina anu ndi akufa. Mukamakhota pa geti, ingotsitsani galasi mugwedeze mutu, ndidzauona fumbi likatsika. Chonde, musandiuze kuti mawa.

Ine wantchito wanu wa tsidya la msewu,

Wa Fotokope,
Mwini dazi, khutu ndi jekete,
Bambo wa mwana wopambanayo.