Sajeni, Tambala wa Alamu

Inu, sunthani pang'ono ndikhale nawo, koma musandigunde mwendo uwu. Ayi, si njinga. Si galunso ayi. Musayambe kuseka, tamverani kaye.

Ine ndine munthu wosamala, zimenezo ndiye sindikana. Chibadwire mwana wathu wamkazi, uja timamutcha Kadoli, ndinakulunga nsanza pangodya zonse za tebulo, kapu yake ndimaiwiritsa kawiri, ndipo akangoyetsemula ine ndavala kale nsapato, ulendo wa kuchipatala. Amati wamantha anafa ndi ukalamba, ndipo ine ukalambawo ndikuufuna.

Ndiye kuseri kwa nyumba tili ndi nkhuku zathadzi, zoti mwana azidya mazira. Poti mwanayo amasewera pabwalo pomwepo, nkhuku zimenezi ndinkaziyeza m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Kugwira imodziimodzi, kuitembenuza chagada, kuitambasula mapiko kufunafuna utitiri, kuikanula kukamwa, kenako kuipukuta mapazi ndi kansalu konyowa. Zinkalira ngati zaona mpeni, koma ukhondo ndi ukhondo.

Tsiku lina alamu anga, achimwene awo a mayi a Kadoli, anatulukira ndi tambala m'katoni.

"Alamu, ndakubweretserani mwamuna wa pakhomo pano."

"Nanga ine?"

"Inu ndinu a m'nyumba. Uyu ndi wapanja."

Anachoka akuseka, osamwa ndi madzi omwe. Ndikanakhala wochenjera, ndikanadziwira pomwepo.

M'mawa mwake ndangogwira thadzi loyamba, lija kuti kweee, ine ndinangomva phaa! pamsana. Abale inu, chinthu chimene chija sichithamanga ngati nkhuku, chimabwera cham'mbali ngati wankhonya, nthenga za m'khosi zili nyankhalala! Ndinataya nkhuku, ndinataya nsapato, ndinadutsa pakati pa zovala zoyanika, n'kukalowa m'nyumba siketi ya mkazi wanga ili kumutu.

Ndili pampando kupaka mankhwala, Kadoli anadutsa akuyenda dzandidzandi. Ndinatenga tepi yoyezera nsalu n'kumuyeza. Inu! Maso a mwana wanga ali pamsinkhu weniweni wa mlomo wa tambala uja.

"Kuyambira lero mwana asatulukenso kuseri," ndinalamula.

"Ndiye azisewera kuti, m'kabati?" anatero mayi ake.

"Basi tiphe tambalayo."

"Mphatso ya achimwene? Akabwera kudzaona anapiye mudzawaonetsa nthenga? Bambo a Kadoli, ndi nkhukutu iyi, si mkango."

Kupha ayi, kubweza ayi, ndipo mwana tsiku lonse ali pazenera kulirira panja. Ndinaona kuti palibe kuchitira mwina, tambalayu ndimuwete ndekha. Ndinamupatsa dzina loti Sajeni, poti mdani amafunika kumudziwa dzina.

Tsiku lotsatira ndinatuluka nditavala majombo, jekete lamvula, chivundikiro cha ndowa kumanzere, ambulera yotambasula kumanja. Sajeni anandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kupitiriza kupalasa ngati sakundidziwa. Ndinati eya, waona zida. Ndinaika chivundikiro pansi, n'kugwira thadzi kuti ndiliyeze. Mmene analowera kunsi kwa ambulera sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti ambulera ija inatsekeka tonse awiri tili m'kati. Zimene zinachitika mumdima umenewo, zisiyeni zikhale pakati pa ine ndi iye.

Kuntchito, mlonda wa pageti ataona nkhope yanga anagwira pakamwa.

"Achimwene, kunyumba kuli mtendere?"

Nditamufotokozera anati, "Aaa, zazing'ono! Tambala ndi munthu wa ulemu wake. Mum'pane m'khwapa, muzungulire naye bwalo akazi ake akuona. Manyazi akamugwira, afatsa ngati nkhosa."

Safunsa anadya phula, ine ndinafunsa. Ndinamuvundikira Sajeni ndi bulangete, n'kumupana m'khwapa, n'kuyamba kuguba naye uku ndi uku. Ndinkaimanso pamaso pa thadzi lililonse kuti lione bwino. Ndili m'kati moguba, aneba athu owotcherera zitsulo anasuzumira pampanda.

"Aneba! Kubereka wachiwiri osatiuza? Koma mphunoyo ndiye ya bambo ake!"

Nthawi yomweyo ndinamva kufunda kwa chitosi m'thumba la malaya, momwe munali foni. Nditamutsitsa, bwana uja anadzikung'untha, n'kulira kokoliriko wautali ngati wapambana chisankho, kenako anandithamangitsa kuzungulira khola akazi ake aja akuona. Manyazi anagwiradi munthu tsiku limenelo, mlonda sananame.

Tsono sabata yatha tinaweruka masana. Ndafika kunyumba, pabalaza zii, kuchipinda zii, chitseko cha kuseri chili pululu. Kusuzumira, ndinaona Kadoli wakhala pansi pakati pa bwalo, kadzanja katambasulidwa, Sajeni waima pamaso pake penipeni, mlomo uli pa kadzanja paja. Mayi ake ali pambali, akuchapa, akuimba nyimbo!

Ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ndinathamanga wopanda jombo, wopanda ambulera, bambo weniweni. Thadzi lina linandipingasa kumapazi, ndinalinyamula kuti ndilichotse panjira, lija kuti kweee. Basi. Mwendo uwu ndi umenewo. Ndinakathera m'beseni la thovu, miyendo m'mwamba, Kadoli akuwomba m'manja kuti, "Kenanso! Kenanso!"

Mayi ake anandivuula, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

"Mwanayu amamudyetsa m'manja tsiku lililonse mukangotuluka pageti. Ine sanandijomphepo. Wowerenga mita ya madzi amadutsa pomwepa, sanamujomphepo. Koma taganizani, bambo a Kadoli. Munthu azibwera m'mawa uliwonse, kundigwira ine, kunditembenuza chagada, kundikanula kukamwa, ine ndikukuwa. Inu mungatani?"

Ndinaganiza mofatsa, thovu likutsika m'khutu.

"Ndingaimbire apolisi."

"Ndiye Sajeni alibe foni."

Zoyeza nkhuku ndinasiya tsiku lomwelo. Mwana akusewera panja, maso ake ali bwinobwino, ngakhale ndimawayang'anabe ndikaweruka. Vuto n'lakuti Sajeni sanamve kuti ndinalapa. Ndipo chimbudzi chathu, monga mukudziwa nyumba za lendi, chili kuseri komweko, kupitirira khola.

Ndiye masiku ano ndikafuna kupita, ndimaima pakhomo n'kutsokomola. Kadoli amasiya zidole zake, n'kundigwira chala.

"Tiyeni adadi, musalire." Akafika pakati pa bwalo amaloza tambala uja. "Iwe Sajeni, asiye! Ndi anga awa."

Ndipo amandisiyadi, ine ndikuyenda mowerama kumbuyo kwa munthu wovala thewera.

Basi yanga ndi iyo, ndithamange. Mwanayo akagona msanga ine ndisanafike, ndiye kuti kudziletsa mpaka mawa.