Chipewa cha Elifazi ndi Nkhope ya Apongozi

"Mwambi umenewu chiyambi chake n'chotere, ana anga," anatero a Mtambalika, akukhala pa benchi la kuseri kwa tchalitchi.

Linali Lamulungu, mapemphero atangotha. Achinyamata a kwaya anali atajambulitsa pa foni dzuwa lili kumbuyo kwawo, ndipo pa chithunzicho nkhope zitatu zinasowa m'chimtambo choyera. A Mtambalika, amene anakalambira pa ntchito yokonza mawotchi pa Nambuma, ataona chithunzicho anatchula mwambi uja wa Vulachipewa, umene tonse kuno timaumva koma mwini wake osamudziwa. Achinyamatawo anawazungulira kuti amve. Mawu otsatirawa ndi awo. Ndawalemba monga ndinawamvera, ndipo ngati pena ndaphonya, Ambuye andikhululukire.

Kunali munthu wina dzina lake Elifazi, wojambula zithunzi. Masiku amenewo kamera inkadya filimu, ndipo filimuyo inkapita ku Lilongwe kukatsukidwa, n'kubwerako patatha sabata. Elifazi ankazungulira m'midzi pa njinga, kamera ili pakhosi, kumutu chipewa cha mlaza chachikulu ngati lichero. Sankachivula. Ena ankati amagona nacho.

Zithunzi zake zinali ndi mbiri. Ojambula anzake akaloza kamera kumene kuli dzuwa, pa chithunzi pankatuluka timabwalo toyera ndi chifunga, koma kwa iye ayi. Akamufunsa chinsinsi ankati, "Ndimauzira diso la kamera katatu ndisanadine." Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Sankadziwa kuti ntchito yonse inkagwiridwa ndi chipewa. Akaika kamera pamaso, chipewacho chinkatulukira kutsogolo n'kuponya mthunzi pa diso lija, dzuwa osalowamo.

Tsono Elifazi anali mkamwini. Anakwatira Felesiya, mwana wa a Nangondo, ndipo anakhala pamudzi pa apongozi akewo zaka zisanu. Mtima wake unali pa chitengwa. Ankafuna kutenga mkazi wake kukakhala naye pa Nambuma, pamene anapeza kachipinda kojambuliramo. Ankhoswe anapita kawiri kukapempha, ndipo kawiri konse a Nangondo anakana. "Mwana wanga azikadya zithunzi?"

Koma pa ulemu, Elifazi analibe mnzake. Akaona apongozi akubwera m'njira, ankalowa m'chimanga pamodzi ndi njinga yomwe. Sanawayang'anepo kumaso. Akafuna kuyankhulana, mawu ankadzera mwa Felesiya, ngakhale atatalikirana mapazi atatu okha.

Chaka chimenecho kunabwera kalata yochokera ku Joni. Layisoni, mwana wamwamuna yekhayo wa a Nangondo, anali atakhala ku migodi zaka khumi ndi ziwiri. Analemba kuti, "Amayi, nkhope yanu yayamba kundithawa m'mutu. Nditumizireni chithunzi." Wobweretsa kalatayo ankabwerera kutha kwa mwezi.

A Nangondo anali asanajambulitsepo chibadwire. Anaitanitsa banja lija pakhonde.

"Felesiya, uwauze amuna akowa kuti andijambule."

"Akuti muwajambule," anatero Felesiya.

"Uwauze amayi kuti ndamva," anayankha Elifazi, maso ali pa chala chake chakuphazi.

"Uwauzenso kuti mwana wanga akandiona bwinobwino pa pepalapo, ndidziwa kuti ntchito yawoyi ndi ntchito ndithu, akutenge. Koma akandiipitsa, azilima pano mpaka imvi."

"Akuti mwana wawo akawaona..."

"Ndamva, Felesiya, ndamva."

Malo anasankha ndi a Nangondo eni ake. Anafuna kukhala patsogolo pa nkhokwe yawo, kuti Layisoni aone kuti kumudzi kulibe njala, ndiponso m'mamawa, asanapite kudimba. Nkhokweyo inali kum'mawa kwa bwalo, ndiye dzuwa linkatulukira kumbuyo kwawo. Elifazi anakondwa nazo. "Apongozi sawatsinzinitsa ndi dzuwa," anatero chamumtima. "Bola lindiotche ineyo."

Anafika, anagwada, n'kuchita chimene munthu anali asanachionepo: anavula chipewa, n'kupatsa mkazi wake. Anthu a pamudzipo anadziwa tsiku limenelo kuti mkamwini wawo ali ndi dazi. Anauzira diso la kamera katatu. Koma kusuzumira mu kamera n'kuyang'ananso apongozi, choncho anangoona chitenje ndi mapazi, zina zonse n'kungoyerekeza, n'kudina.

Sabata itatha envelopu inabwera. Nkhokwe inalipo. Chitenje chinalipo ndi maluwa ake onse. Ngakhale nkhuku imene inkangodzidutsira inatuluka bwino. Koma pamene panayenera kukhala nkhope ya a Nangondo panali chibwalo choyera mbee ngati mwezi, ndipo timabwalo tina tinatsika mondondozana ngati mikanda mpaka pa bondo.

Mayi wina wa Mvano anaomba m'manja. "Ulemererotu uwu, a Nangondo! Mngelo anaima pambuyo panu!"

"Mngelo wophimba anthu nkhope? Layisoni wapempha amake, sanapemphe mngelo. Felesiya, uwafunse amuna ako: mutu wanga ausiya ku Lilongwe?"

Elifazi anasinkhasinkha tsiku lonse, n'kupeza yankho. Diso la kamera lada. Anatapa mafuta odzola a Felesiya pa mpango, n'kulipukuta mpaka linanyezimira. "Chinthu chowala chonchi sichingalephere," anatero. M'mawa mwake anabwerera pa nkhokwe pomwe paja, nthawi yomwe ija, anagwada, anavula chipewa, anauzira katatu, n'kudina.

Chimene chinachokera ku Lilongwe ulendo uwu chinaposa choyamba. Chibwalo chija chinali pomwepo, ndipo chithunzi chonse chinali m'chifunga. Nkhokwe inkaoneka ngati ikufuka utsi.

"Uwauze," anatero a Nangondo, "kuti ulendo uno andiotcha pamodzi ndi chimanga changa."

Anthu anaseka, koma Felesiya sanaseke. Anaona amayi ake akutenganso kalata ya Layisoni, n'kuipinda, n'kuibisa m'chitenje.

Elifazi anafika pa benchi langa la mawotchi nkhope itagwa. Ndinamutsukira diso lija ndi kansalu kofewa, kouma, n'kumuuza kuti mafuta ndi a nkhope ya munthu, kamera sidzola. Koma za chipewa nanenso sindinazidziwe, poti kwa ine anabwera atavala. Anandionetsa zithunzi zina za m'filimu yomweyo: ukwati, timu ya mpira, onsewo dzuwa lili kumbuyo kwawo, koma zooneka bwinobwino.

"Nanga bwanji amayi okha, achimwene?" anandifunsa. "Kapena kamerayi nayonso ikuchita nawo manyazi?"

Kunatsala masiku asanu ndi atatu kuti wa ku Joni uja anyamuke. Kuphonyanso kamodzi, chithunzi sichikanapita, ndipo chitengwa chikanathera pomwepo.

M'mawa wa tsiku lojambula kachitatu Elifazi anapemphera ali pa chiwongolero cha njinga, kenako anakagwada pa malo ake. Anavula chipewa, n'kupatsa Felesiya. Tsikulo kunalibe ndi kamtambo komwe. A Nangondo atakhala pa mpando anayang'ana mkamwini wawo kwa nthawi yaitali: wagwada m'fumbi, dazi likunyezimira, maso atsinzina, misozi ikutsika m'masaya chifukwa cha kuwala. Zaka zisanu munthuyu akuthawira m'chimanga chifukwa cha iwo. Chifundo chinawagwira.

"Bambo," anatero, "misozi imeneyo ndi ya dzuwa?"

Kamera inatsala pang'ono kugwa. "Felesiya, uwauze amayi kuti..."

"Ndikuyankhula ndi inuyo. Ngati dzuwa likukuthobwani m'maso inu munthu wamkulu, nanga kadiso ka chinthu chanucho? Ine ndikafuna kuona mbuzi zanga kudambo m'mawa, ndimatere." Anaika dzanja pachipumi. "Valani chipewa chanu."

"Pamaso pa apongozi? Ayi amayi, pepani. Bola ndilime mpaka imvi."

"Ndati valani!"

"Sindingathe, amayi."

Dzuwa linkakwera, madzi a kudimba ankadikira, ndipo awiriwo sanasunthe, wina pa mpando, wina m'fumbi. Felesiya anayang'ana amayi ake, anayang'ana mwamuna wake, kenako anayang'ana chipewa chili m'manja mwakecho. Anayenda pang'onopang'ono, n'kukaima pambali pa Elifazi, n'kuchigwira m'mwamba mpaka mthunzi wake unagwera pa diso la kamera.

"Inu khalani ndi ulemu wanuwo," anatero. "Kamerayi sinakwatire pamudzi pano. Ivale ndi iyoyo."

A Nangondo anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'nthiti. Elifazi modzidzimuka anasuzumira mu kamera. Chifunga chonse chinali chitachoka, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nkhope ya apongozi ake. Anali ndi kampata pakati pa mano, kofanana ndendende ndi ka Felesiya. Anadina pomwepo. Kuuzira katatu kuja anaiwala.

Envelopu inafika kutatsala tsiku limodzi. A Nangondo anapukuta manja pa chitenje asanagwire chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ndakalamba chonchi?" anatero potsiriza. Anachiyang'ananso. "Koma ndine. Mwana wanga andidziwa." Kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo, amene anali atayamba kale kufunafuna chala chake chakuphazi. "Bambo, mutengeni mkazi wanu. Koma chipewacho muzichisamala. Pabanja panupo oganiza ndi awiri: chipewacho ndi Felesiya."

Layisoni anabwera kumudzi chaka chotsatira, chithunzicho chili m'thumba la malaya, m'makona mutaperepeseka chifukwa chochigwiragwira. Elifazi naye anajambula pa Nambuma mpaka ukalamba, mzimu wake uuse mumtendere. Anasoketsa kachipewa ka chikopa kozungulira diso la kamera, ndipo kuyambira pamenepo ankavulira aliyense chake cha mlaza chija mosaopa kanthu. Koma dzina loti Vulachipewa linali litamumatirira kale.

Atafika apa a Mtambalika anapukuta m'maso, n'kuloza foni ija ndi ndodo yawo.

"Bwererani mukafole. Wojambulayo aike dzanja pamwamba pa foni, dzuwa lisalowe m'diso, kapena asunthe pang'ono aime pa mthunzi wa mtengowo. Ulemu ndi wabwino, ana anga, Mulungu amaukonda. Koma ukamavula, uziyamba wadziwa chimene chinthucho chimakugwirira. N'chifukwa chake kuno munthu akataya chida cha ntchito yake pofuna kukondweretsa akuluakulu, n'kuwaonongera akuluakulu omwewo, timangopukusa mutu n'kuti: Vulachipewa anajambula dzuwa."