Mbiri Yeniyeni ya Fomu Folo Inatulukira pa Sipika

Anzanga akakumbukira tsiku lomwe tinkatsanzikana ndi sukulu, amathamangira kukatulutsa zithunzi kuti alendo aone. Inenso zithunzizo ndili nazo, koma ndimazibisa pansi pa sutikesi. Pa chithunzi chilichonse anzanga akumwetulira mano onse pamtunda, ine ndikuoneka ngati mbuzi yogwidwa m'munda mwa eni.

Sukulu yathu inali yoyendera, cha kufupi ndi ku Chonde (dzina lake sinditchula, aphunzitsi ena akadali pomwepo). M'kalasi mwathu munali anthu a maluso osiyanasiyana. Ena ankatha mpira, ena kwaya, ena masamu. Ine langa linali pakamwa. Munthu ndikangomumva kawiri, mawu ake ndawatenga, ndi kayendedwe komwe. Zaka zinayi zonse anzanga ankandigulira zitumbuwa pa buleki kuti ndiwatsanzirire aphunzitsi, moti njala sindinkaidziwa.

Amene ndinkawatha koposa anali ahedi. Tinawapatsa dzina loti Chiperoni, chifukwa sankakalipa ngati anzawo. Ankangofika mwakachetechete, kalasi yonse n'kuzizira. Asanayankhule ankatsokomola kawiri, kenako n'kuyamba pang'onopang'ono: “Ana inu, ana inu, mwandikhumudwitsa.”

Mwambo wotsanzikanawo unachitika kutatsala masabata ochepa kuti tiyambe mayeso. Mnzanga wa ponda apa m'pondepo, Felista, yemwe anali hedigelo, ndiye anasankhidwa kuti adzawerenge mbiri ya kalasi yathu kuyambira Fomu Wani. Mbiriyo inadutsa m'manja mwa aphunzitsi a Chingerezi katatu. Pomaliza inkamveka ngati ya angelo amene anangosochera n'kugwera ku Mulanje.

Tsikulo kunacha ndi chimvula, ngakhale dzinja linali litapita kale (phiri lathu lija silifunsa kalendala). Magetsi nawo anali atazima chim'mawa. Bambo wa zokuzira mawu amene sukulu inamuitana kuchokera ku Chonde anali atapachika kale chisipika chachikulu pakhonde la ofesi ya aphunzitsi, kutsidya kwa bwalo la mpira wamanja, kuti anthu osefukira m'holo adzamvere kunja. Masipika a m'holo anali asanawalumikize. Ataona kuti magetsi sakubwera, anasiya makina ake momwemo n'kukwera kabaza kukasaka jenereta.

Pakhonde lomwelo ndi pamene makolo, aphunzitsi ndi alendo anaunjikana kubisala mvula. Amayi anga analinso pomwepo. Amayi amatchola tiyi ku esiteti, ndipo kuti apezeke pamwambowo anachita kupempha kwa akapitawo sabata yathunthu. Anavala chitenje chatsopano chogula ku Muloza, n'kumauza aliyense kuti mwana wawo wamkazi ndi woyamba pamtundu pathu kufika Fomu Folo.

M'holo tinalimo ochepa chabe, okongoletsa. Felista ankangozungulira ndi pepala lake.

“Ine ndikomoka pamaso pa anthu, uona,” anatero.

“Ukomoka chifukwa ukawerenga mabodza,” ndinamuyankha. “Takhala apo, ndikuwerengere mbiri yeniyeni mtima ukhale m'malo.”

Ndinatola maiki patebulo. Ndinaigogoda ndi chala, zii. Ndinauziramo mpweya, zii. Ndinati basi, yakufa iyi. Chimene sindinadziwe n'chakuti magetsi anali atayaka kale. Masana ndani amayang'ana babu? Ndipo mmene mvula inkawombera malata, ngakhale kunja kukanalira ng'oma sitikanamva.

Ndinakwera pa nsanja, n'kukoka siketi bwinobwino.

“Alendo olemekezeka, makolo, ndi aphunzitsi amene mwatizunza zaka zinayi, takulandirani. Tinabwera pano Fomu Wani mayunifolomu akukwekwereza pansi, chifukwa makolo athu anasoketsa oti tidzamalize nawo sukulu. Taonani lero, mabatani akupempha chikhululukiro.”

Anzanga anasiya zokongoletsa n'kukhala pamipando. Munthu wa mtundu wanga akaona anthu akuseka, nzeru zimatuluka pawindo.

“Fomu Thuu,” ndinapitiriza, “kunasowa zinanazi m'dimba la sukulu. Aphunzitsi a zaulimi analengeza pa asembule kuti ndi anyani a m'phiri. Lero ndikufuna ndiyeretse dzina la anyaniwo. Nyani sayenda ndi mpeni, nyani sakwirira makoko. Tinali ifeyo, ndipo zinali zotsekemera.”

Felista anali atagwira m'mimba, misozi ikutuluka.

“Fomu Fili, kalabu ya zachilengedwe inakwera phiri. Aphunzitsi a Jogalafe anatiuza kuti phirilo amalidziwa ngati kuchipinda kwawo. Tinazungulira mwala umodzimodzi katatu, iwo akuti miyala ya kuno imangofanana. Anatitsitsa ndi mayi wina wotola nkhuni, aphunzitsi ali pambuyo penipeni, mapu ali m'khwapa.”

Ndikanalekera pomwepo mwina bwenzi lero zithunzi zija zili pakhoma. Koma pakamwa panali patatentha.

“Ndipo inu makolo athu okondedwa, mukukumbuka makalasi apadera a Loweruka aja? Aja munkatidzutsira m'mamawa, n'kutiphikira mbatata kuti tikaphunzire mwamphamvu? Kunalibe. Tinkakaonera mafilimu ku Chonde. Amayi anga mpaka ankandisenzera madzi okha kuti ndisachedwe. Mulungu awadalitse.”

Kenako anyamata ena anakuwa kuti, “Chiperoni! Tipatse Chiperoni!” Ndinaika dzanja limodzi kumbuyo, n'kuweramitsa khosi, n'kuyamba kuyenda mwa kanyang'anyang'a ngati mphaka. Ndinatsokomola kawiri mu maiki muja.

“Ana inu, ana inu, mwandikhumudwitsa. Ine Chiperoni, amene ndimafika popanda mphepo...”

Ndinaona kuti palibe akuseka. Felista anali atatong'ola maso, akuyang'ana kumbuyo kwanga. Anyamata aja anali atayamba kupukuta mipando youma kale. Ndipo kumbuyo kwangako wina anatsokomola kawiri. Sindinali ine.

Ahedi anali ataima pakhomo la kumbali, ambulera ikudontha madzi. Anandiyang'ana, kenako anati, “Chiperoni wafika. Pitirizani, mayi, mwatsala ndi Fomu Folo.”

Ndinafuna kuika maiki patebulo, koma inagwa pansi. Apo mvula inali itachepa, ndipo ndinamva ndi makutu anga chiphokoso chake chikulira kutsidya kwa bwalo: guu!

“Bwana, kodi... zimamveka kunja?”

“Kuyambira pa mabatani,” anatero. “Abusa amene tawaitana kudzatsegula ndi pemphero apempha madzi akumwa. Aphunzitsi a Jogalafe alowa mu ofesi, adzitsekera.”

Anatembenuka n'kumapita. M'mutu mwanga munkangozungulira zinthu ziwiri: mayeso amene atsala pang'ono, ndi kalata ya umboni wa khalidwe imene amalemba ndi ahedi omwewo. Ndinkadziona ndikutchola tiyi pambali pa amayi mpaka imvi.

Mwambo unayamba mochedwa. Kwaya inaimba, a sewero anachita zawo, a mpira analandira chikho. Ine ndinakhala mzere wachitatu, mutu uli pansi ngati ndataya singano. Felista anawerenga mbiri yake bwinobwino osakomoka (ndiye kuti mankhwala anga anagwira ntchito, ngakhale palibe anandithokoza). Koma atafika pa mawu oti tinali ana omvera ndi okhulupirika, bambo wina kumbuyo analephera kudzigwira. Anangoti, “Nanga zinanazi?” Holo yonse inaphulika.

Itakwana nthawi yawo, ahedi anaimirira, n'kutsokomola kamodzi. Anthu anadikira kachiwiri. Iwo anayang'ana kumene ndinakhala, n'kukameza. Anthu anasekanso mpaka ena kugwa m'mipando.

“Lero tamva mbiri ziwiri,” anatero. “Ina yokoma, ina yoona. Dzina langalo ndinalidziwa kalasi iyi ili Fomu Wani, musaganize kuti mwandiuza zachilendo. Za anyani zokha ndiye ndimazimva lero. Choncho mukamaliza mayeso, aliyense wa inu adzabwera ndi khasu kudzadzala zinanazi m'dimba lija. Amene adzayang'anire ntchitoyo ndi mtolankhani wathu. Taimirira, anthu akuone.”

Ndinaimirira. Makolo anaomba m'manja, anzanga makumi angapo akundiyang'ana ndi maso oti tikumana panja. Sindinayerekeze kutembenukira kumene kunali amayi.

Pobwerera kunyumba tinadzera njira ya m'minda ya tiyi, amayi patsogolo, ine pambuyo nditanyamula nsapato m'manja chifukwa cha matope. Titatsala pang'ono kufika, anaima.

“Ndiye madzi aja ndinkasenzera mafilimu?”

“Pepani amayi, sanali Maloweruka onse.”

“Angati anali a sukulu?”

Ndinaganiza zonama, koma tsikulo choonadi chinali chitandizolowera. “Awiri.”

Anapukusa mutu n'kuyambanso kuyenda. Patangopita pang'ono ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, mtima wanga unasweka. Nditawayandikira ndinapeza atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

“Iwe mwana ndiwe woipa,” anatero akupukuta m'maso. “Ife timangomva mawu, kayendedweko sitinaone. Tayenda muja amayendera ahedi.”

Ndinaika nsapato pansi n'kuwayendera, pakati pa tiyi pomwepo. Anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu wonyowa, chitenje chatsopano chija osachilabadira. Kenako anandiyang'ana chammbali.

“Nanga ine umanditha?”

Munthu wanzeru, amene wangophunzira kumene kuti pakamwa mpoopsa, akanati ayi amayi, inu sindingayerekeze. Ine ndinagwira m'chiuno, n'kukweza mphuno, n'kutulutsa mawu aja amakuwira nkhuku zikalowa m'nyumba, ndi kalilime kawo ka Chilomwe komwe.

Kuseka kunathera pomwepo. Kuyambira m'mawa mwake mpaka tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, madzi onse a pakhomo pathu ndinatunga ndekha.